Amayi athu amasalaula, ise timangotuma ndalama

Pitani pa msika wa Chongwe tsiku limene atsegula belo yatsopano, muimilile pambali, muone mmene amayi athu amagulila shati ya mwana. Sathamanga. Amaitembenuza, amakoka msoko wa m'khwapa, amawelenga mabatani, amaikweza kudzuwa kuti aone ngati nsalu yayamba kutha. Wogulitsa akakamba kuti "mami, iyi ni ya ku UK," iwo sayankha, maso ali pa kolala. Liwu lakuti salaula tinabweleka ku Chibemba, ndipo limatanthauza kusankha mofukulafukula pa mulu. Nkhani yake ni yaikulu moti wofufuza wina, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lathunthu la salaula ya mu Zambia, limene linatuluka mu 2000.

Manje tiyeni tidziyang'ane ise, ana awo, amene timayenda na kamela pakhosi. Tikafuna lenzi, timatsegula Facebook olo gulu la pa WhatsApp, timaona mapikicha atatu ojambulidwa pa bedi, pansi pake palembedwa kuti "ex-UK, clean, no issues." Funso lathu ni limodzi chabe: "last price?" Tikamvana, timatuma ndalama pa foni, lenzi imabwela na kondakitala wa minibasi yochokela ku Lusaka, itakulungidwa mu pulasitiki yakuda. Ndalama ya chilimba imene tinayembekezela miyezi isanu yapita pa chinthu chimene sitinachigwilepo. Amayi amathela mphindi khumi pa shati imodzi, ise sitithela olo mphindi imodzi pa chida chimene tifuna kudyelapo. Timautcha ukatswili wa m'tauni, koma dzina lake lenileni ni ulesi, ndipo amene amaulipila kwambili ni makasitomala athu.

Mnzathu wina wa kuno, amene sitim'tchula dzina chifukwa manyazi anam'kwana kale, ali na Nikon D3200. Anamva kuti lenzi ya 50mm f/1.8 imatulutsa nkhope bwino na kusungunula zakumbuyo, ndipo anamva zoona. Anapeza ziwili pa malonda, ina yochipa, ina yodula. Anatenga yochipa, n'kumadzitama kuti yotsala agulila batile. Inafika pa Chisanu madzulo, pa Chiwelu anali na kitchen party. Ataimanga ku kamela n'kudina batani, lenzi inangoti zii. Kamela iyaka, pikicha ijambula, koma fokasi siyenda yokha. Tsiku lonse anali kupotokola fokasi na dzanja mu holo ya mdima, ng'oma ikulila, azimayi akuvina. Pikicha ya mkwatibwi pamene anali kum'vundukula chitenge inatuluka mbuu. Ndalama ingabwezedwe, koma mphindi imeneyo sibwelanso.

Kodi wogulitsa ananama? Iyayi. Lenzi inali yamoyo. Chimene chinam'gwetsa mnzathu ni chilembo chimodzi. Yochipa ija inali AF 50mm f/1.8D, imene Nikon inatulutsa mu 2002. Ilibe mota mkati, imadalila mota ya mu kamela kuti iizungulutse. Makamela monga D90 na D7000 ali nayo mota imeneyo, koma D3100, D3200, D5100 na abale awo onse a mzele wa D3000 na D5000 alibe. Yodula ija inali AF-S 50mm f/1.8G ya mu 2011, imene ili na mota yakeyake. D na G, basi. Ndipo msampha wina uli kutsogolo: malenzi atsopano olembedwa AF-P sagwila fokasi pa D3100 na D3200. Ku Canon nakonso, lenzi ya EF-S siloŵa pa 5D olo 6D. Zonsezi zalembedwa pa thupi la lenzi, m'tizilembo tating'ono timene sitifuna kuŵelenga. Safunsa anadya phula.

Pali zikhulupililo zitatu zimene zimatidyela ndalama, ndipo choyamba ni cha nsimbi. Munaonapo mmene timayesela lenzi tikakumana nayo? Timaiika pachikhato, timaiponya m'mwamba pang'ono ngati tikuyesa nkhuku, n'kugwedeza mutu kuti "iyi ilema, ni original." Tikaona pulasitiki kumbuyo timati ni chidole. Tiyeni titenge lenzi imene ambili a ise a Canon timayambila, EF 50mm f/1.8. Ili na mitundu itatu. Yoyamba inatuluka mu 1987, ili na mount ya nsimbi na kawindo koonetsa mtunda wa fokasi, imalema magalamu 190. Yachiwili, yolembedwa II, inabwela mu 1990, mount yake ni ya pulasitiki, imalema magalamu 130. Yachitatu, yolembedwa STM, ni ya mu 2015, inabwelela ku mount ya nsimbi, imalema magalamu 160.

Ukamva akatswili a pa kona, adzakuuza kuti ya 1987 ndiyo mfumu, ndipo nthawi zambili imagulitsidwa modula kuposa II chifukwa cha nsimbi imeneyo. Koma magalasi a mkati mwa zonse zitatu anayalidwa mofanana, magalasi 6 m'magulu 5. Nsimbi ya kumbuyo siwonjezela kanthu pa nkhope ya kasitomala. Chimene ukugula mu yoyamba ija ni mota na mawaya amene akwanitsa zaka zoposa 30, achikulile kuposa ambili a ise, ndipo zikafa, sipeya yake uzaisakila mpaka nsapato kutha. Kusiyana kwenikweni kuli pa zinthu zimene dzanja silingayese. Mitundu iwili yakale ili na timasamba 5 totseka kuwala, moti ukachepetsa aperture, magetsi a kumbuyo amatuluka a makona asanu. STM ili na timasamba 7 tozungulila. Zakale zimafika pafupi mpaka masentimita 45, STM imafika 35, ndipo amene anajambulapo mphete olo keke adziwa phindu la masentimita khumi amenewo. Mota ya II imalila ngati njuchi m'botolo. Ise amene timathandiza pa wailesi ya m'dela tidziwa chimene phokoso lotelo limachita likaloŵa mu maikolofoni: vidiyo ya malumbilo a ukwati imamveka ngati muli makina osokela.

Sitikukamba kuti II ni yachabe. Magalasi ake ni akuthwa, ndipo yadyetsa mabanja ambili. Kufooka kwake kwenikweni kuli kutsogolo, ikagwa pa simenti imatha kupatukana pawili. Tikukamba kuti munthu azidziwa chimene akulipilila. Ngati ulipila mtengo wa STM n'kulandila II, wabeledwa. Ngati ulipila mtengo wa Canon n'kulandila Yongnuo, imene imafanana nayo maonekedwe koma ni ya kampani ina ndipo ni yochipa ngakhale ili yatsopano, wabeledwanso, ndipo dzina linali lolembedwa pamaso pako. Nambala yaikulu nayo isakunyenge. Pa lenzi ya 18-55mm imene imabwela na makamela ambili a Canon, yolembedwa III ilibe IS, chija chimene chimaletsa pikicha kugwedezeka dzanja likanjenjemela, pamene yolembedwa IS II ili nacho. Wogulitsa akakuuza kuti "iyi ni mark three, latest," wakamba mawu okoma pa lenzi yochepa mphamvu.

Chikhulupililo chachiwili ni cha "ex-UK." Mawu awa timawamva ngati dalitso la abusa. Koma amatiuza chiyani? Amatiuza chabe kumene lenzi inakwelela ndeke. Satiuza ngati inagwapo, ngati inatsegulidwapo na munthu wosadziwa, ngati inagona zaka zisanu mu galaja yonyowa. Chifukwa chimene malenzi amenewa achulukila n'chodziwika. Mu 2018, Canon inatulutsa mount yatsopano ya RF, Nikon nayo ya Z, ndipo ojambula ambili a kumaiko olemela anayamba kusamukila ku makamela a mirrorless n'kugulitsa zakale. Kwa ise uwu ni mwayi waukulu, chifukwa malenzi abwino amene sitikanawalota atsika mtengo. Koma belo ni belo. Muli jekete yovalidwa kawili, mulinso thalauzi yong'ambika pakati. Kumeneko ogulitsa akuluakulu amasanja katundu m'magiledi, ndipo amagulitsa poyela zolembedwa kuti zili na vuto pa mtengo wotsika. Lenzi yotelo ikadutsa manja atatu n'kufika kwa ise, chikwangwani cha vuto chimakhala chitagwa panjila, chatsala ni "clean."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele. Nyelele ya lenzi ni fangasi, chuku chimene chimamela pa galasi la mkati ngati ulusi wa kangaude. Chimakonda mdima na chinyontho. Chikayamba sichioneka pa pikicha ya pa WhatsApp, ndipo ngakhale m'manja sungachione ngati sunawalitsemo tochi. Chikakula chimadya utoto wopyapyala umene umakutila galasi, moti olo uchipukute chipsela chimatsala, ndipo mapikicha ojambulidwa moyang'ana kuwala amatuluka ngati muli utsi. Lenzi imene yabwela na kafangasi kang'ono n'kuloŵa mu mainza athu, kuyambila Novembala mpaka Epulo, itatsekeledwa mu chola pansi pa bedi, yafika pa munda wa manyowa. Chodabwitsa n'chakuti timakana lenzi chifukwa penti yafufutika kunja, chinthu chimene sichikhudza pikicha, n'kutenga yonyezimila imene mkati yaola.

Chikhulupililo chachitatu ni cha utali. Fikani pa Chakwela Makumbi mu Okutobala, pamene Asoli na mfumu yawo yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, amapempha mvula, olo pa tsiku la omaliza maphunzilo ku Chalimbana University, muone mpikisano wa malenzi. Amene ali na yaitali ndiye amaitanidwa kuti "ba cameraman." N'chifukwa chake ambili a ise timathamangila 75-300mm III ya Canon, chifukwa ikatambasuka imaoneka ngati ya atolankhani a mpila. Koma ilibe IS, ndipo pa 300mm imatsegula mpaka f/5.6 chabe. Kuti pikicha isagwedezeke pa utali umenewo pa kamela ya crop, shutter ifunika kuthamanga pafupifupi 1/500, chinthu chotheka padzuwa la masana koma chovuta mu tchalitchi olo mu tenti. EF-S 55-250mm IS ni yaifupi, mount yake ni ya pulasitiki, sichititsa munthu mantha, koma ili na IS ndipo imabweletsa mapikicha ambili akuthwa kunyumba. Kasitomala sapachika lenzi yako pa khoma. Amapachika pikicha.

Ngakhale 50mm imene timaitamanda ifunika kuiganizila. Pa kamela ya crop ya Canon imaona ngati 80mm, pa Nikon ngati 75mm. Ku chilanga mulilo, mu sitting room yodzala mapoto na alangizi, udzabwelela kumbuyo mpaka msana kugunda khoma, koma anthu atatu osakwana mu pikicha. Lenzi yabwino pa nchito yolakwika ni ndalama yotayika.

Tidziwa zimene ena adzayankha, ndipo zina ni zomveka. Adzati nsimbi ni nsimbi, misewu yathu ni ya mabampu, fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala silichita chifundo. Zoona. Pa lenzi yolema ya zoom, imene imakoka kamela pansi, mount ya nsimbi ni yofunika, ndipo amene amasintha malenzi kakhumi pa tsiku adzaona pulasitiki ikudyeka. Koma kulimba kwa lenzi yakale sikuli pa zimene inapangidwa nazo chabe, kuli pa zimene yapitamo. Ya nsimbi imene inagwa pa masitepe, magalasi ake n'kusuntha pang'ono, idzakupatsa mbali imodzi ya pikicha yakuthwa, ina yofewa, moyo wake wonse. Ya pulasitiki imene mwini wake anaisunga bwino idzakutumikila zaka. Kabuku ka kampani kamakamba za lenzi yatsopano. Iwe ukugula imodzi iyi, na mbili yake.

Adzatinso kupita ku Lusaka kukaiona ni ndalama na tsiku lathunthu. Kuchoka pa Chongwe kufika mu tauni ni makilomita pafupifupi 45 pa Great East Road. Timayenda mtunda umenewo kukaonelela mpila, kukagula nsapato ku Kamwala, kukaona chibwenzi. Tilansipoti yopita na kubwela sifika olo pafupi na mtengo wa lenzi imene ungataye. Ndipo adzati wogulitsa naye ni mnzathu, akusakila, tisam'vutitse na mafunso. Apa ndiye tikana kwambili. Wogulitsa woona mtima sataya kanthu ukayesa katundu wake. Amene amataya ni uja amene malonda ake amayenda chifukwa sitiyesa. Tikamagula mwakhungu, timalanga wachilungamo, amene amakamba poyela kuti "iyi ili na kafumbi, nachotsako mtengo," n'kupatsa mphoto uja amene amalemba "no issues" pa chilichonse.

Kusalaula lenzi sikufuna digili. Pita na kamela yako, batile yodzala na memory card yako, mukumane masana pamalo a anthu. Usanachoke pa nyumba, uza wogulitsa akutumile pikicha ya zilembo zonse za kutsogolo na kumbali, uziŵelenge chimodzichimodzi, ufufuze ngati mtundu umenewo umagwila pa kamela yako. Ukaigwila, chotsa zotsekela zonse ziwili, uwalitse tochi ya foni kuchokela kumbuyo, uyang'anile kutsogolo mopendeketsa. Tifumbi tiŵili titatu tisakuopse, lenzi iliyonse yakale ili nato. Ulusi wa kangaude, chifunga, olo madontho ngati a mafuta, ibweze. Yang'anitsitsa galasi la kumbuyo, chifukwa kukalika kwa kumeneko kumaononga pikicha kuposa kwa kutsogolo. Pitisa chala pa mkombelo pomangila fyuluta: ngati wapindika, lenzi inagwa. Yang'ana mitu ya masikulu: ngati yadyeka, munaloŵa munthu.

Ukatelo imange ku kamela. Iloŵe mosakakamiza, ndipo isagwedele. Gwila fokasi pa chinthu chapafupi, kenako chakutali, kakhumi, pa dzuwa na pa mthunzi, umve ngati mota ikukakamila. Pa Canon, ukaona Err 01, ndiye kuti lenzi na kamela sizikumvana. Nthawi zina ni dothi pa timapini, nthawi zina ni waya wa mkati, ndipo ngati kupukuta sikunathandize, si iwe woyenela kulipila kuti udziwe. Jambula pa f/1.8 olo pamene imatsegukila kwambili, ujambulenso pa f/16, uone ngati timasamba tikutseka na kutseguka msanga. Ngati ni zoom, yesa kuyambila poyamba mpaka pothela. Pomaliza imilila moyang'anizana na khoma la njelwa, ujambule, ukuze pikicha, uyelekeze makona onse anayi. Zonsezi ni mphindi khumi na zisanu. Lemba serial number, ndipo wogulitsa akulembele pa pepala olo pa meseji dzina lonse la lenzi, mtengo, na masiku amene ungaibweze. Lenzi imene serial number yake yapalidwa, isiye. Mwina ni ya mnzathu amene anathyoleledwa nyumba, ndipo tikamagula zotelo tikuitanila akawalala ku zola zathu.

Kwa imwe ogulitsa, pempho lathu ni lalifupi. Lembani dzina lonse, osati "Canon 50mm" chabe. Jambulani kumbuyo kwa lenzi, osati kutsogolo kokha. Ngati muli fangasi, kambani, alipo amene adzaigula pa mtengo wake. Ndipo a mashopu akumbuke kuti lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limaletsa zikwangwani zokana kubweza ndalama pa katundu wolakwika, ndipo bungwe la CCPC lilipo kumva madandaulo. Koma tisadzinamize, anzathu. Lamulo lingakuthandize pa shopu imene ili na chitseko na lisiti. Munthu wa pa Facebook amene nambala yake yazima ukangotuma ndalama, udzam'saka wekha. Chitetezo chathu chenicheni ni kukana. Wogulitsa akati "nilibe nthawi ya ma test, bantu bambili baifuna," muyankhe kuti agulitse kwa anthu ambiliwo. Tikakana khumi, wa khumi na mmodzi adzabwela na tochi yake.

Ambili a ise sitidzagula lenzi yatsopano m'bokosi chaka chino, olo chaka chamaŵa, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Tinakulila mu salaula, ndipo tinali kuoneka bwino pa Sondo chifukwa amene anali kutisankhila anali na maso. Mnzathu wa D3200 uja anabweza theka la ndalama kwa banja la mkwatibwi, anagulitsa lenzi ya D kwa munthu wa D7000 amene ikum'gwilila bwino mpaka lelo, ndipo anayembekezela chilimba china kuti agule ya G. Tsiku logula ananyamuka m'mamaŵa na basi yoyamba, kamela m'chola, tochi m'thumba. Wogulitsa anadandaula kuti akuchedwa. Iye sanayankhe, maso anali pa galasi.